Mapiritsi a shuga akakuvutani m'thupi, musangowasiya, bwerani tikambirane

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu nonse amene mwabwera, a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amayi ndi abambo, agogo athu mwakhala kutsogoloku, ndathokoza kuti mwasiya makasu m'mawa uno. Ndikudziwa mvula yayamba ndipo mitima yanu ili kumunda ndiye sindikusungani mpaka masana ayi. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Mawu akatsika mundiuze.

Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito ku kiliniki ya matenda a shuga ndi BP, ena mwa inu timaonana mwezi ndi mwezi. Chimene chandibweretsa ndi chinthu chimodzi chimene chikundipweteka mtima. Timalemba munthu m'kaundula, timamupatsa mapiritsi, amapita bwinobwino, kenako sitimuonanso. Patapita miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka abwera atanyamulidwa pa kabaza, phazi lili ndi bala lonunkha, kapena maso sakuonanso bwino, tikamufunsa kuti bambo mankhwala aja munasiyiranji, yankho lake limakhala lomwelomwelo, akuti ankanditsegula m'mimba, akuti ankandipatsa nseru, akuti tsiku lina ndinagwa kumunda ndiye ndinaona kuti mankhwalawa sakugwirizana ndi magazi anga. Zimene akunenazo ndi zoona, sakunama ayi, mankhwalawa amachitadi zimenezo. Koma zonsezo zinali ndi njira yake tikanauzidwa msanga.

Matenda a shuga si a anthu a m'tauni okha ngati mmene tinkaganizira kale. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita limodzi ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 aliwonse kuno ku Malawi, pafupifupi 6 anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ndiye pa msonkhano ngati uno alipo, ena akudziwa ena sakudziwa.

Mapiritsi amene timapereka kwambiri m'zipatala za boma ndi awiri. Amene mwabwera ndi mabuku anu a kuchipatala tsegulani muone. Lina limalembedwa kuti metformin, nthawi zambiri 500mg, ndi lalikulupo loyera. Linalo ndi glibenclamide, 5mg, kakang'ono. Ena mukumwa limodzi lokha, ena onse awiri. Chonde dziwani dzina la piritsi lanu, musamangoti "kakang'ono kaja" chifukwa mapiritsi awiriwa amagwira ntchito mosiyana ndipo mavuto ake ndi osiyananso kutalitali.

Tiyambe ndi metformin poti ndi amene ambiri mukumwa. Si mankhwala atsopano oti akuyesera pa ife ayi, ndamvapo mphekesera imeneyo. Dokotala wa ku France dzina lake Jean Sterne anayamba kuwapatsa odwala shuga mu 1957, ndiye taonani zaka zimene zadutsa, ndipo mpaka lero dziko lonse lapansi munthu wamkulu akapezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri, uja amagwira kwambiri akuluakulu, nthawi zambiri amayambira pa metformin yemweyu, kaya ku London kaya ku Johannesburg kaya kwathu kuno. Ntchito yake, amauza chiwindi kuti chichepetse shuga amene chimatulutsa kupita m'magazi, chifukwa chiwindi chathu chimapanga shuga ngakhale usiku tili mtulo, komanso amathandiza thupi kuti limve bwino insulini imene lili nayo kale, timadzi tija timene kapamba amatulutsa kuti titsitse shuga m'magazi.

Tsono vuto lake lili m'mimba. Mwa anthu khumi amene angoyamba kumene, awiri kapena atatu adzadandaula kutsegula m'mimba, nseru, mimba kufufuma ngati wadya nyemba zosapsa, mpweya kutuluka pafupipafupi, chakudya kusakoma, ena amati mkamwa mukumveka ngati ndayamwa kachitsulo kapena ndalama yachitsulo. Ndikuona amayi awo akugwedeza mutu, zinakuchitikirani eti mayi? Eya. Ndipo ndikumvetsa, munthu uli pa maliro kapena uli mu minibasi kupita ku boma kenako m'mimba mwayamba kubwata, ndi zamanyazi ndithu, palibe amene angakonde. Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi, kwa anthu ambiri zimenezi ndi za masabata awiri atatu oyambirira, matumbo akazolowera zimatha zokha. Amene amasiya pa tsiku lachinayi amasiya atatsala pang'ono kuoloka.

Ndipo pali zochita kuti zichepe. Metformin samwedwa pamimba yopanda kanthu. Ambiri mumadzuka mbandakucha, kumeza piritsi ndi madzi, khasu paphewa, phala mukadya cha m'ma 10 koloko. Pamenepo nseru siyingalephere. Imwani muli pakati pa kudya, mwadya mbamu zingapo, mezani piritsi, pitirizani kudya, kapena mukangomaliza kusamba m'manja. China n'chakuti sitiyenera kuyamba ndi mapiritsi ambiri tsiku loyamba. Njira yabwino ndi kuyamba limodzi la 500mg ndi nsima ya madzulo, pakatha sabata kapena awiri kuonjezera lina m'mawa, pang'onopang'ono choncho mpaka kufika mulingo umene adokotala akufuna. Ndiye ngati munayambitsidwa atatu patsiku ndipo m'mimba simukugwira, bwerani mutiuze, tikhoza kutsitsa ndi kukwezanso mwapang'onopang'ono. Kulinso mtundu wina wa metformin wosungunuka pang'onopang'ono, pa paketi amalembapo XR kapena SR, umenewu suvutitsa kwambiri m'mimba, umapezeka m'ma famase ena koma ndi wogula ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Amene mukumwa umenewo musamautafune kapena kuuphwanya, ndipo mukaona chinthu chonga piritsi m'chimbudzi chanu musadabwe, ndi chikhungwa chabe mankhwala ake analowa kale m'thupi.

Abambo awo akufunsa kuti nanga kuonda. Inde bambo, metformin amachepetsako chilakolako cha chakudya ndipo ena amatsika makilogalamu awiri atatu, kwa munthu wonenepa zimenezo ndi zothandiza. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu ukaonda anthu amayamba kunong'onezana kuti uja wayamba kudwala, ndiye ena amasiya mankhwala chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Koma kuonda kwambiri mofulumira, uku mukumwa madzi osakhuta, usiku kukodza kasanu kasanu ndi kamodzi, ameneyo si metformin ayi, ndi shuga amene wakwera, kapena pali matenda ena monga TB, ndipo ndi zofunika kudzayezetsa sabata yomweyo.

Pali vuto lina limene limabwera mochedwa, patapita zaka zinayi zisanu munthu akumwa metformin tsiku ndi tsiku. Mankhwalawa amachepetsa mmene matumbo amayamwira vitamini wina wotchedwa B12, amene amathandiza kupanga magazi ndi kusamalira mitsempha. Akachepa munthu amatopa msanga, zikhatho ndi m'maso zimayera, lilime limapweteka, mapazi amachita dzanzi kapena kubayabaya ngati mwaponda nyerere, agogo ena amayamba kuiwalaiwala. Chovuta n'chakuti shuga naye payekha amaononga mitsempha ya kumapazi ndipo zizindikiro zake n'zofanana, ndiye munthu amangoti ndi shuga yemweyu basi, chonsecho mwina ndi vitamini amene tikanatha kumubwezeretsa ndi jakisoni kapena mapiritsi. B12 ameneyu sapezeka mu chisoso, nkhwani kapena nyemba, ngakhale ndiwo zimenezi ndi zabwino kwambiri kwa wa shuga. Amapezeka mu usipa, matemba, mazira, mkaka, chiwindi, nyama. Ndiye kausipa kaja musakapeputse.

Tsopano ndikufuna mumvetsere bwino, ngakhale amene simudwala shuga, chifukwa apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni ngakhale sichitika kawirikawiri ayi. Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka mankhwala amaunjikana m'magazi ndipo magazi amasanduka a asidi, munthu amapuma mofulumira ndi mozama ngati wathamanga chonsecho wangogona pamphasa, amasanza, m'mimba ndi minofu zimapweteka, thupi limazizira, amafooka kwambiri mpaka kusokonezeka mutu. Zikatero si zodikira kuti kuche, ndi zopita kuchipatala usiku womwewo. Nanga impso zimafooka liti? Nthawi zambiri ndi pamene thupi latha madzi. Mukukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023 mmene inatisautsira dziko lonse lino. Munthu amene akutsegula m'mimba kwambiri, akusanza, chilichonse akamwa chikubwerera, kapena malungo amugwira koopsa sakudya sakumwa, ameneyo ayambe waima kaye kumwa metformin, amwe Thanzi ORS ndi madzi, apite kuchipatala ndi buku lake, akachira ndi kuyamba kudya bwinobwino masiku awiri ndiye ayambirenso. Mwaona kusiyana kwake? Kutsegula m'mimba pang'ono kawiri katatu patsiku mutangoyamba mankhwala, mukudya mukuyenda, pirirani ndipo mutiuze. Kutsegula kwa madzi okhaokha kosalekeza mpaka maso kulowa, imani kaye ndipo thamangirani kuchipatala.

Mowa nawonso. Abambo ndikhululukireni koma ndinena. Kachasu ndi metformin ndi adani. Munthu amene amamwa kachasu kapena timasacheti tija kuyambira m'mawa osadya, chiwindi chake chimalephera kuchotsa asidi uja, ndipo shuga wake akhozanso kutsika koopsa usiku ali mtulo. Ngati mumamwa tiuzeni zoona, sitikulembani kupolisi, tikungofuna tisankhe mankhwala oyenera. Chinanso ndi mapiritsi a ululu amene mumagula pa okala, Brufen, diclofenac, indocid, amene ena amamwa tsiku lililonse chifukwa cha msana ndi mawondo. Amenewa akamwedwa nthawi yaitali amaononga impso, ndipo munthu wa shuga impso zake zili kale pa chiopsezo. Panado ndiye wabwinoko. Ndipo pemphani kuti akuyezeni impso kamodzi pachaka, ndi magazi pang'ono chabe. Akakutumizani ku Queens, ku Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu kukajambulidwa sikani ija amayamba abaya mankhwala mu mtsempha, kapena kukachitidwa opaleshoni, nenani msanga kuti ndimamwa metformin.

Pali nkhani ina imene sindikufuna aliyense akweze dzanja, ingomverani mumtima. Kuyambira 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV kuno anasinthidwa kupita ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, aja ambiri mumawadziwa kuti 13A. Ndi mankhwala abwino kwambiri, osasiya. Koma dolutegravir amachititsa kuti metformin achuluke m'magazi kuposa mmene akanakhalira, ndiye munthu amene akumwa zonse ziwiri nthawi zambiri sitimupyoletsa 1000mg ya metformin patsiku pokhapokha adokotala ataona bwino. Vuto limene timakumana nalo, munthu ali ndi mabuku awiri, lina la ku ART lina la ku shuga, ndipo akabwera kwa ife lina lija amalisiya kunyumba chifukwa cha manyazi. Ife sitingalote. Mukatiuza zimathera m'chipinda momwemo, ndi lamulo la ntchito yathu. Chimodzimodzi Bactrim amene amaperekedwa limodzi ndi ma ARV, akakumana ndi glibenclamide akhoza kutsitsa shuga mopitirira, pomwe mankhwala a TB, makamaka rifampicin uja amafiiritsa mkodzo, amafooketsa mphamvu ya glibenclamide shuga n'kukwera. Ndiye mabuku onse azibwera pamodzi.

Tafika pa kapiritsi kakang'ono kaja, glibenclamide. Aka ndi kosiyana. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira muyezo kawirikawiri, koma glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, ndipo safunsa kuti mwadya kapena simunadye. Mwamwa m'mawa, mwapita kukalima mizere mpaka dzuwa pamutu osaika kanthu mkamwa, insulini ija ikugwirabe ntchito, khasu nalo likudya shuga, mapeto ake shuga amatsika kwambiri. Pa makina oyezera aja ndi pansi pa 70, pa makina ena amene amawerenga manambala ang'onoang'ono ndi pansi pa 4. Koma kumunda kulibe makina, ndiye dziwani zizindikiro. Thukuta lozizira, manja kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri, njala yoopsa yadzidzidzi, mutu, chizungulire, maso kuchita mdima. Zikapitirira munthu amayamba kuyankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa, kudzandira ngati waledzera, kenako kukomoka kapena kugwa ngati wa khunyu.

Ndinalandirapo gogo wina wamwamuna, sindinena kumene amachokera, anagwa pa msika tsiku la msika anthu ali piringupiringu, ndipo anagona pamenepo maola awiri anthu akumudutsa akuti mdalayu wayamba m'mawa kumwa. Gogo ameneyu sanalawepo mowa moyo wake wonse, anali mkulu wa mpingo. Anamwa piritsi lake m'mawa, kunyumba kunalibe ufa, anati ndikadya ndikagulitsa nkhuku. Anapulumuka chifukwa mtsikana wina wogulitsa tomato anamuzindikira n'kuitana kabaza, koma ubongo ukakhala nthawi yaitali opanda shuga umaonongeka, ndipo gogoyo sanabwererenso mwakale. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa chimene chinkafunika pamenepo ndi shuga wa masupuni atatu basi.

Ndiye thandizo lake ndi limeneli. Munthu akadali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi amwe, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba osati uja alibe shuga, kapena Sobo wosungunula mokoma, uchi, maswiti atatu anayi, ngakhale nzimbe atafune. Dikirani mphindi 15, ngati sanasinthe bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, nsima, mbatata, chinangwa, buledi, chifukwa shuga wa m'madzi uja sakhalitsa m'thupi. Koma ngati wakomoka musamuthire madzi kapena phala mkamwa, mudzamutsamwitsa zikalowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, tengani shuga pang'ono pa chala chonyowa mupake mkati mwa tsaya ndi m'nkhama, ndipo fufuzani transipoti nthawi yomweyo. Ndipo ngakhale atadzuka n'kumaseka, apitebe kuchipatala, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso usiku kapena mawa lake, makamaka kwa agogo opyola zaka 60 ndi amene impso zawo n'zofooka. Kwa agogo otere nthawi zambiri timafuna kuchepetsa mulingo kapena kusintha mankhwala kumene.

Mwina mukudabwa kuti namwino yemwe amatiletsa shuga lero akuti tiziyenda ndi maswiti m'thumba. Eya, amene muli pa glibenclamide kapena pa jakisoni wa insulini, kapepala ka shuga kapena maswiti atatu azikhala m'thumba kapena pa mfundo ya chitenje nthawi zonse, osati oti muzidya mukafuna ayi, ndi mankhwala a pangozi. Ndipo akunyumba kwanu, anzanu a kumunda, a kumpingo, adziwe kuti muli ndi shuga. Kubisa n'kumene kunagoneka gogo uja pa msika.

Amayi akufunsa funso labwino kwambiri, akuti nanga tsiku limene kunyumba kulibiretu chakudya. Mayi, tikulowa mu Januwale ndi Febuluwale, tonse tikudziwa mmene nkhokwe zimakhalira miyezi imeneyi, mabanja ena amadya kamodzi patsiku madzulo okha. Lamulo la glibenclamide ndi lakuti palibe chakudya, palibe piritsi. Musamwe m'mawa ngati mukudziwa kuti simudya mpaka madzulo. Ndipo bwerani mutiuze mosabisa kuti kwathu panopa tikudya kamodzi, si zamanyazi, tidzakonza nthawi ndi mulingo kuti zigwirizane ndi mmene mukudyera. Chimodzimodzi abale athu achisilamu mwezi wa Ramadan ukamayandikira, ndi inu amene mumasala kudya kutchalitchi kapena kukwera kuphiri kukapemphera masiku atatu, bwerani kusanayambe tikambirane. Sitikuletsani kupemphera, koma mankhwala amafunika kusinthidwa nthawi yake, ndipo mukamva zizindikiro zija muli pakati pa kusala, masulani pomwepo.

Glibenclamide amanenepetsanso pang'ono, ndipo anthu ochepa amatuluka zidzolo kapena kuyabwa. Amene munauzidwapo kuti Bactrim kapena Fansidar sagwirizana nanu mutiuze tisanakupatseni. Maso kapena zikhatho zikachita chikasu, bwerani tsiku lomwelo. Amayi amene mwaima kapena mukuganiza zotenga pakati, musadikire tsiku la sikelo, bwerani msanga chifukwa nthawi zambiri mankhwala timasintha, ena timawaika pa insulini.

A mfumu afunsa za zitsamba, chamwamba, nimu, aloe vera ndi mabotolo aja amagulitsa m'misika akuti amachotseratu shuga. A mfumu, ndiyankha mwaulemu koma mosapsatira. Masamba a chamwamba ngati ndiwo idyani, ndi abwino. Koma mpaka pano palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, amene amachotseratu shuga munthu n'kuiwala. Chimene timaona ndi anthu amene asiya mapiritsi n'kudalira botolo, kwa miyezi iwiri itatu amamva bwino chifukwa m'mimba mwasiya kuvuta, ndipo shuga sapweteka poyamba, amadya mwakachetechete maso, impso ndi mapazi. Enanso amaphatikiza zonse, botolo ndi glibenclamide, osadziwa kuti mu botolomo muli chiyani kapena mulingo wake, shuga n'kutsika mpaka kukomoka. Ngati mukumwa chinachake bwerani nacho tichione, sitikukalipirani.

Komanso musabwerekane mapiritsi. Ndikudziwa nthawi zina mumafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, ndipo mnzako wa shuga ali pafupi amati tenga anga. Onetsetsani dzina ndi nambala ya pa paketi, chifukwa metformin alipo wa 500, wa 850 ndi wa 1000, ndipo amene amamwa metformin yekha akapatsidwa glibenclamide wa mnzake osadziwa akhoza kugwa tsiku lomwelo. Mukaiwala kumwa m'mawa musaphatikize awiri madzulo, pitirizani ndi lotsatiralo basi.

Kiliniki yathu ya shuga ndi Lachitatu lililonse m'mawa, koma zikavuta musadikire Lachitatu, bwerani tsiku lililonse. Amene munasiya mankhwala kalekale ndipo mukuopa kuti tikakukalipirani, bwerani, ine ndemwe ndidzakulandirani ndipo tiyambirenso ndi piritsi limodzi. Alangizi a zaumoyo abwera ndi makina, akhala pansi pa mtengo wa mango uwo, amene mukufuna kuyezetsa shuga ndi BP imani pamzere, agogo ayambe. Amene mwabwera ndi mabuku ndi mapaketi a mankhwala mundipeze pa benchi apa ndiwaone mmodzimmodzi. Zikomo a gulupu, ndabweza mawu kwa inu.